Malangizo a Coyesera Magetsi mu Mcere, kwa Aphunzitsi a Giledi 10

M'bokosi muli mabatire, mawaya atatu, kababu ndi timitengo tiwiri ta graphite. Lumikizani monga mmene cithunzi ca pa civundikiro cikuonetsera.

Coyeseraci cimathandiza pophunzitsa za ionic bond, mphamvu imene imagwirizanitsa sodium ndi chlorine mu mcere. Mau akuti ionic bond alibe liu limodzi lowamasulira bwino. Ena amalemba kuti "cimangiro", koma ine sindilikonda, cifukwa ana amayamba kuganiza za cingwe, pamene cingweco palibe. Atomu ya sodium ili ndi ma electron 11, ndipo limodzi lili lokha kunja. Ya chlorine ili ndi 17, ikupelewera limodzi kuti kunja akwane 8. Sodium imapereka lija n'kukhala Na+, chlorine imalandira n'kukhala Cl− (chloride); atomu imene yapereka kapena kulandira electron motere imachedwa ion. Popeza mphamvu zao za magetsi tsopano n'zosiyana, zimakokana, ndipo kukokanako ndiye ionic bond. Musalole ana kujambula ziwiri zokha zogwirana ngati mwamuna ndi mkazi wake. Mu kambulu ka mcere, ion iliyonse ya sodium yazingidwa ndi ma chloride 6, ndipo chloride iliyonse yazingidwa ndi ma sodium 6. N'cifukwa cake mcere susungunuka pamoto mpaka kutentha kufike 801°C.

Ikani timitengo mu mcere wouma. Kababu sikayaka, pakuti ma ion sakutha kuyenda. Sungunulani supuni ziwiri za mcere m'kapu ya madzi, muikemo timitengo tosakhudzana. Kababu kayaka. Bwerezani ndi shuga: sikayaka, cifukwa shuga alibe ma ion.

Pepala la opanga coyeseraci likuti "madzi oyera", koma apa samalani. Gwiritsani nchito madzi othira m'batire ya galimoto, osati asidi wake. Madzi a m'zitsime za ku Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, ali kale ndi ma ion ao, ndipo angakusokonezereni zotsatira. Tsukaninso timitengo musanayese shuga. Ine ndinaiwala tsiku lina, kababu kanayaka pang'ono mu shuga, ndipo ana anali atalemba kale m'makope mwao kuti shuga amapititsa magetsi.

Cenjezo: musalumikize coyeseraci ku magetsi a pakhoma a 230 volts. Mukaona tithovu pa timitengo n'kumva kafungo ngati ka mankhwala oyeretsera zovala, ameneyo ndi mpweya wa chlorine. Cotsani waya msanga, tsegulani mawindo, ndipo mwana asaweramire pa kapu.