Kindle, Kobo kapena tabuleti: momwe mungasankhire chowerengera mabuku osalira nazo ndalama zanu

Mphwanga amene akuphunzira zaunamwino anandinyengerera kuti ndiuze achimwene athu a ku Johannesburg amubweretsere kachowerengera mabuku ka mainchesi 6, kofanana ndi kanga. Ndinavomera osamufunsa n'komwe kuti azidzawerengerapo chiyani. Kanafika pa Khirisimasi, tonse tinakasirira, koma pofika Febuluwale kanali katagona m'dirowa. Manotsi ake onse ndi ma PDF a masamba akuluakulu, odzaza matebulo ndi zithunzi za ziwalo za thupi, ndipo pa kasikirini kaja zilembo zinkaoneka ngati nyerere. Wolakwa ndinali ine. Ndinamusankhira chimene chimandikomera ineyo, munthu wowerenga nthano.

Kuti zoterezi zisakuonekereni, yendani motere.

1. Yambani ndi mafayilo amene muli nawo kale

Musanafunse mtengo kwa aliyense, tsegulani foni yanu, lowani mu foda ya Downloads ndi ya zikalata za pa WhatsApp, muone kuti mabuku anu ambiri akuthera ndi zilembo ziti: .pdf kapena .epub. Nkhani yonse yagona pamenepa.

PDF ndi tsamba loumbidwa kale. Ngati linakonzedwa pa pepala la A4, lidzakhalabe la A4, ndipo pa sikirini yaing'ono mudzangokhalira kulikoka ndi zala, uku ndi uku, mzere uliwonse. EPUB ndi yosiyana: mawu ake ali ngati phala, amadzaza mbale iliyonse imene mwawathiramo. Mukakulitsa zilembo, mizere imadzikonza yokha.

Ngati zambiri ndi manotsi a ku koleji, mapepala a mayeso akale a MSCE, malipoti a ku ofesi kapena mabuku ochita kujambulidwa pa sikana, inu ndi wa tabuleti ya mainchesi 10 kapena 11. Ngati ndi nthano, mbiri za anthu, mabuku achipembedzo a mawu okhaokha, chowerengera cha E Ink (sikirini yooneka ngati pepala, monga ya pa Kindle ndi Kobo) cha mainchesi 6 kapena 7 chikukwanirani. Ngati zili pakatikati, dzifunseni kuti ndi ziti zimene mumakhala nazo pansi kwa ola lathunthu.

2. Mvetsani kusiyana kwa masikirini awiriwa

Sikirini ya tabuleti ndi yofanana ndi ya foni: nyali ili kumbuyo, kuwala kukulunjika m'maso mwanu. Ya E Ink, yomwe ili pa Kindle, Kobo, PocketBook ndi Boox, ili ndi timakapisozi tambirimbiri tosaoneka ndi maso, m'kati mwake muli tinthu takuda ndi toyera. Mukatembenuza tsamba, mphamvu yamagetsi imakankhira tina pamwamba, tina pansi, zilembo n'kuoneka. Zikaoneka zimakhala pomwepo osadyanso batire, mpaka mutembenuzenso.

N'chifukwa chake E Ink imawerengeka bwino padzuwa. Pansi pa mtengo wa mango masana a mu Okutobala, tabuleti imasanduka kalilole, mumangodziona nkhope, pamene E Ink imachita kuwala ngati pepala. Usiku imagwiritsa ntchito timagetsi ta m'mphepete tounikira tsambalo, moti mnzanu wogona pambali sadandaula.

Zofooka zake musazinyalanyaze. Imachedwa kusintha, kanema sungaonerepo, ndipo ngakhale mu 2024 kunatuluka zamitundu monga Kobo Libra Colour ndi Kindle Colorsoft, mitundu yake ndi yofuwa ngati ya nyuzipepala yakale. Pa Kindle ndi Kobo palibenso WhatsApp kapena Facebook. Ena amati kumeneko n'kuperewera. Kwa ine, amene ndikangogwira foni kuti ndiwerenge ndimapezeka ndili mu gulu la anzanga a ku sekondale, umenewo ndiye ubwino wake waukulu.

Poona manambala, funani 300 ppi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse ya sikirini. Pamenepo zilembo zimakhala zosalala ngati zosindikizidwa.

3. Ganizirani za magetsi a kwanuko

Tabuleti yabwino imatha maola pafupifupi 10, kutanthauza kuti izilimbirana soketi ndi power bank ndi foni yanu tsiku lililonse. Amazon imati Kindle yake yaing'ono imatha milungu 6, koma kuwerengera kumeneko n'kwa munthu wowerenga mphindi 30 patsiku atazimitsa Wi-Fi. Wowerenga kwambiri adule nambalayo pakati, komabe ndi milungu, osati maola. Ngati mumakhala kumene magetsi amazima kawirikawiri, kapena mumadalira kasola, mfundo iyi yokha ikhoza kumaliza mkangano.

4. Funsani: mabukuwo azichokera kuti?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, choncho tidekhe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kindle, yomwe Amazon inayamba kugulitsa mu 2007, inapangidwa kuti muzigula mabuku mu sitolo ya Amazon. Ambiri mwa mabukuwo amakhala ndi loko yotchedwa DRM, moti simungawasamutsire pa Kobo. Kobo ndi kampani ya ku Toronto, ku Canada, yomwe inagulidwa ndi Rakuten ya ku Japan mu 2012, ndipo nayo ili ndi sitolo yake. Kugula m'masitolo awiri onsewa kumafuna khadi ya ku banki yolipirira kunja, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira. Funsani kaye ku banki yanu ngati khadi yanu imaloledwa kutero komanso malire ake.

Ngati mabuku anu ambiri ndi oti muli nawo kale, Kobo ndi PocketBook n'zosavuta: mumalumikiza chingwe ku kompyuta, n'kukoperamo EPUB ngati mukuika nyimbo pa flash. Kindle siwerenga EPUB yongoponyedwamo ndi chingwe. Kuyambira 2022 mukhoza kuitumiza kudzera pa Send to Kindle, yomwe imaisintha yokha, koma imafuna intaneti. Njira yosadya bandulo ndi pulogalamu yaulere ya pa kompyuta yotchedwa Calibre, imene imasintha mafayilo ndi kukusungirani mabuku mwadongosolo. Iphunzireni, kaya mwagula chiti.

Mabuku aulere ovomerezeka alipo. Project Gutenberg, imene Michael Hart anayambitsa mu 1971, ili ndi mabuku akale oposa 70,000, ambiri a Chingerezi. A Chichewa ndiwo akadali ochepa. African Storybook ili ndi timabuku ta ana ta m'Chichewa, ta zithunzi zamitundu, tokoma pa tabuleti. Baibulo la Chichewa, monga Buku Lopatulika, lili pa pulogalamu ya YouVersion, koma pulogalamuyo siilowa pa Kindle kapena Kobo. Imafuna Android kapena iPad. Amene mukufuna E Ink komanso mapulogalamu oterewa, onani Boox, yomwe imayendera Android, kungoti mtengo wake ndi wowawa.

Abale a ku Britain, inu muli ndi mwayi wina: Kobo imabwera ndi OverDrive, njira yobwerekera mabuku ku laibulale kudzera pa intaneti, moti ngati laibulale ya m'dera lanu ili pa njira imeneyi, mumabwereka mabuku ulere ndi khadi ya ku laibulaleko. Kindle imachita zimenezi ku America kokha.

5. Ngati mwagwera ku tabuleti

Musatengeke ndi zija zotchipa kwambiri zopanda dzina lodziwika. PDF yolemera imaziimitsa njii. Funani RAM (memory yothandiza tabuleti kuthamanga) ya 4 GB kapena kuposa, malo osungira a 64 GB, sikirini ya timadontho 1920 x 1200, ndi polowetsa memory card. Buku la nthano la EPUB kawirikawiri limangodya 1 MB kapena 2 MB, koma buku limodzi la pa sikana likhoza kupitirira 100 MB. Ena mwa ma Galaxy Tab A a Samsung ndi ma Tab a Lenovo ali nazo zofunikazi. iPad ndi yabwino, koma ilibe polowetsa memory card.

Ikanipo pulogalamu yowerengera mabuku monga ReadEra kapena Moon+ Reader, ndipo zimitsani mauthenga onse obulukira pamwamba. Kumbukiraninso kulemera: Kindle yaing'ono ndi magalamu 158, pamene tabuleti ya mainchesi 11 imayandikira theka la kilogalamu. Amene inawagwerapo pamphuno atagona chagada akudziwa.

6. Pogula, makamaka chakaunjika

Ngati mwatuma wachibale ku South Africa, mutumizireni dzina lenileni, kukula kwa sikirini ndi chaka chake, osangoti "mundigulireko Kindle". Asunge risiti, chifukwa pa boda kapena pa bwalo la ndege a MRA akhoza kuifuna powerengera msonkho. Agulirenso chikuto komweko. Pansi pa sikirini ya E Ink pali galasi lopyapyala, ndipo likasweka m'chikwama mu minibasi, wolikonza kuno ndi wosowa.

Chogwiritsidwapo kale ntchito chiyeseni muli pomwepo, ndalama zili m'thumba. Yang'anani potchajira: Kindle ya mtundu wa Paperwhite inayamba USB-C mu 2021, Kindle yaing'ono mu 2022, ndiye ngati ndi micro-USB dziwani kuti ndi yakale kuposa pamenepo, ngakhale wogulitsa alumbire. Tsegulani tsamba loyera, kwezani kuwala mpaka kumapeto, muone ngati pali mizere kapena madontho osasintha. Dinani ngodya zonse zinayi.

Kenako yatsani hotspot ya foni yanu. Mwini wake achotse akaunti yake inu mukuona, ndipo inu mulowetse yanu. Kindle imene inanenedwa kuti yabedwa imakana kulembetsedwa, ndipo iPad yotsekedwa ndi akaunti ya munthu wina siitseguka popanda mwiniwakeyo. Akaunti yanu ikalowa, ikanimo fayilo imodzi mwa zija munaziona mu gawo loyamba, makamaka yovuta kwambiriyo, ndipo werengani masamba asanu musanapereke ndalama.