Mmene mungatsekere ptrace pa Linux kuti user wamba asakhale root

Ambirife tikayika password yovuta pa server timangoti basi ntchito yatha, koma mavuto enieni amayamba munthu akalowa kale, kaya kudzera pa web app yobooka kaya ndi mnzanu amene munamupatsa account wamba, tsopano akufuna kukwera mpaka root, user amene ali ndi mphamvu zonse pa makinawo. Khomo limodzi lomwe anthu oterewa amalikonda ndi ptrace.

ptrace ndi system call, njira yopemphera ntchito kwa kernel (mtima wa Linux), yomwe ma program ofufuzira zolakwika ngati gdb ndi strace amagwiritsa ntchito posuzumira mkati mwa process ina, kuwerenga memory yake ngakhalenso kuisintha kumene. Amene amaloleza kapena kukaniza ndi kernel, ndiye kernel ikangophonya pang'ono poona kuti uyu ndi ndani zinthu zimavuta. Mu July 2019 Jann Horn wa ku Google Project Zero anaulula vuto lotchedwa CVE-2019-13272, pomwe kernel imasunga molakwika ma credentials pa PTRACE_TRACEME (pamene process ikupempha kuti kholo lake liisuzumire), munthu wamba akaphatikiza ndi program ya setuid (yoyenda ndi mphamvu za mwini wake, apa root) ngati pkexec amatha kukhala root. Anazikonza mu kernel 5.1.17.

Ndiye yambani ndi uname -r muone kernel yomwe ikuyenda. Koma nambalayo isakupusitseni, Ubuntu, Debian ndi Red Hat amatenga patch n'kuika mu kernel yakale osasintha nambala yayikulu, ndiye chofunika ndi kupanga update basi, apt upgrade kapena dnf upgrade, kenako REBOOT. Apa ndi pomwe ambiri timagwa, kernel yatsopano yakhala phee pa disk koma ikuyenda ndi yakale yomweija chifukwa tikuopa kuzimitsa server.

Kenako lembani cat /proc/sys/kernel/yama/ptrace_scope. Mukaona 0 ndiye kuti process iliyonse ingathe kusuzumira inzake ya user yemweyo, zomwe sizabwino ngati ssh-agent kapena browser ili ndi zinsinsi mu memory. 1 ndi yomwe Ubuntu amabwera nayo, imalola process kugwira ana ake okha. Koma chenjerani, 1 siikhudza PTRACE_TRACEME olo pang'ono, ndiye pa vuto la 2019 lija sikanakuthandizani. Pa server ine ndimakonda 2, yomwe imafuna CAP_SYS_PTRACE, kutanthauza kuti admin yekha ndi amene angapange trace:

sudo sysctl -w kernel.yama.ptrace_scope=2

Kuti isabwerere mukapanga reboot ikani mzere kernel.yama.ptrace_scope = 2 mu file ya mu /etc/sysctl.d/, pa Ubuntu ngati ilipo kale ya 10-ptrace.conf mungosintha nambala.

Pkexec uja mumuyang'anenso chifukwa ali ndi mbiri yake, mu January 2022 a Qualys anaulula PwnKit, CVE-2021-4034, vuto lomwe linakhalamo kuyambira 2009 osaonedwa. Lembani find / -perm -4000 -type f 2>/dev/null muone ma program onse a setuid, ndipo ngati pkexec simuigwiritsa ntchito sudo chmod 0755 /usr/bin/pkexec imachotsa mphamvuyo, ngakhale update ya polkit, package yomwe imabwera ndi pkexec, ikhoza kuibwezeretsa ndiye muzionanso.

Ilipo ndi 3 pa ptrace_scope, imatseka ptrace kwa aliyense, root yemwe. Imeneyi mukangoiyika simungaitsitsenso mpaka mutapanga reboot, ndiye ngati ma developer anu amadalira gdb pa makina amenewo auzeni kaye musanaidine, apo ayi foni yanu silekeza kulira.