Kaunikidwe ka Zosintha pa Driver ya Codec: Yambani ndi Masamu a Clock

Patch (zosintha pa code) ya driver ya codec mu Linux, kutanthauza pulogalamu yoyendetsa chip ya mawu, ikakupezani kuti muiunike, musathamangire kuwerenga code. Tengani kaye datasheet ya chip, pensulo ndi pepala, chifukwa funso lalikulu ndi lakuti: kodi clock imene ili pa board ingathe kubala sample rate (kuchuluka kwa zidutswa za mawu pa sekondi) iliyonse imene driver ikuvomera?

Masamu ake ndi awa. MCLK (clock yaikulu ya codec) ya 12.288 MHz mukaigawa ndi 256 imapereka 48000 Hz, pamene ya 11.2896 MHz imapereka 44100 Hz, ndipo mabanja awiri a ma rate amenewa, la 48000 Hz ndi la 44100 Hz, salowana. Choncho ngati chip ilibe PLL (gawo lopanga clock ina kuchokera ku MCLK), koma driver ikulola 44100 Hz pa MCLK ya 12.288 MHz, nyimbo idzathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti, mawu n'kukwera. Tinazimva ndi makutu athu pa board ina kuno ku Johannesburg, kwaya ikuimba ngati yachedwa basi ya ku Park Station, koma kompyuta osadandaula chilichonse.

Mukakhutira ndi masamu, tsegulani fayilo ya driver mu sound/soc/codecs ndipo muone zimene set_sysclk, function yolandira liwiro la MCLK, ikusunga. Kenako yang'anani ngati function ya startup ikuika malire pa ma rate ndi snd_pcm_hw_constraint_list, komanso ngati function ya hw_params ikubweza -EINVAL (chizindikiro chokana) ikalephera kupeza chogawira choyenera, m'malo mongosankha choyandikira mwakachetechete.

Pamene ambiri amaterereka ndi pa nambala 0. Pa board imene imagwiritsa ntchito simple-audio-card (driver yolumikiza codec ndi CPU) ndi mclk-fs (nambala yochulukitsira rate kuti ipereke MCLK), clock imasinthidwa potsatira rate yofunidwa, ndipo potseka set_sysclk imaitanidwa ndi 0. Driver iyenera kumva 0 ameneyu ngati chizindikiro chochotsa malire onse. Ikamukana, kapena ikasunga malire a dzulo, munthu amene wangomva fayilo ya 48000 Hz sadzathanso kutsegula ya 44100 Hz. Kwa ine, patch yosaganizira zimenezi ndi yofunika kubwezedwa, ngakhale italembedwa mwaudongo chotani.

BCLK, clock yotumizira ma bit, musaiiwale: ma channel awiri a ma bit 32 pa 48000 Hz amafuna 3.072 MHz.

Pomaliza yesani pa board yeniyeni. Posewera fayilo, gwiritsani ntchito aplay -D hw:0,0, osati plughw, chifukwa plughw imasintha rate payokha n'kubisa vuto. Sewerani mafayilo a mabanja onse awiri motsatizana, ndipo nyimbo ikulira muyerekeze zimene zili mu /proc/asound/card0/pcm0p/sub0/hw_params ndi za mu /sys/kernel/debug/clk/clk_summary. Polemba ndemanga, mutchulireni mwini patch rate imene yalephera ndi MCLK imene munayesera.