Mwana akagunda mutu pa mpira, asabwerere m'bwalo

Madokotala akati concussion, amatanthauza kuti ubongo wagwedezeka m'chigaza. Amaiika m'gulu la kuvulala kwa ubongo kocheperako, komwe munthu akakomoka sipadutsa mphindi 30. Koma mawu oti "kocheperako" asakupusitseni. Ambiri sakomoka n'komwe, ndipo sikani ya CT, yomwe imajambula m'kati mwa mutu, kawirikawiri sionetsa kanthu.

Choncho mwana akagundana mitu ndi mnzake, kapena wina akagwa pa kabaza, n'kuyamba kumva chizungulire kapena kufunsa funso lomwelomwelo kangapo, tsiku limenelo asasewerenso, ngakhale alumbire kuti ali bwino. Apumule masiku awiri, foni ndi TV achepetse. Akamasanza mobwerezabwereza, mutu ukamapweteka moonjezereka, akamavuta kudzutsa kapena akagwa ngati wakhunyu, thamangirani naye kuchipatala, ngakhale ndi pakati pa usiku.