Mmene mungajambulire galafu ndi kapulogalamu kopepuka, komanso kutenga sikirinishoti pa mapulogalamu akalekale

Nyengo yolemba ma project ikafika mumaona anthu akuvutika ndi zinthu ziwiri zomwezomwezo. Wina ali ndi manambala a mu labu kapena mafunso a masamu a fomu 4 oti akonzere ana, akufuna galafu yooneka bwino basi, koma akuuzidwa kuti apeze MATLAB, chinthu cholipira komanso cholemera ma GB angapo choti bandulo yake singakwanitse. Wina nayenso ali ndi pulogalamu yakalekale ya DOS, kaya ndi QBasic kaya Turbo C imene ena akuphunzirabe nayo, galafu yatuluka bwinobwino pa sikirini koma akadina Print Screen n'kukamata mu Word kukubwera chithunzi chakuda bii. Mapeto ake munthu amangotenga foni n'kujambula sikirini ya kompyuta, chithunzi chopendekeka chokhala ndi mizeremizere, n'kuika mu lipoti lomwe walivutikira miyezi. Zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa njira yabwino ilipo, ndi yaulere, ndipo siitenga ndi ola lomwe.

Yambani mwaona chomwe muli nacho m'manja

Musanadawunilode chilichonse dzifunseni kaye, kodi ndili ndi fomula ngati y = x² − 4x + 3, kapena ndili ndi manambala omwe ndayeza ndekha? Yankho lake ndi lomwe likuuzeni pulogalamu yoyenera.

Ngati ndi manambala ndipo pa kompyuta panu pali kale Excel kapena LibreOffice Calc, simukufunika china. Ikani ma x mu column yoyamba, ma y mu yachiwiri, sankhani zonse, pitani pa Insert musankhe chart. Koma apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna: amasankha Line chifukwa akufuna mzere. Musatero. Sankhani Scatter, mu Calc imalembedwa XY Scatter. Line imatenga ma x anu ngati mayina chabe n'kuwatalikitsa mofanana, ndiye ngati munayeza pa mphindi 1, 2, 5 ndi 20, mpata wa pakati pa 1 ndi 2 uzioneka wofanana ndi wa pakati pa 5 ndi 20, galafu yonse yanama pamenepo ngakhale ikuoneka yokongola. Scatter imaika dontho lililonse pamalo pake penipeni. Mzere wolumikiza madonthowo mutha kuwonjezera pambuyo pake.

Ngati ndi fomula, Desmos ndi yachangu kwambiri, mumangotsegula pa browser n'kulemba fomulayo galafu yatuluka pompo, bola netiweki ikhalepo. GeoGebra, imene Markus Hohenwarter anaiyamba mu 2001, ili ndi mtundu wa Classic woika pa kompyuta n'kumagwiritsa ntchito popanda intaneti, ndipo kwa aphunzitsi a masamu ndi yabwino zedi chifukwa imachitanso za geometry. Koma kwa munthu amene ali ndi laputopu yotopa ya RAM yochepa, ine ndimalimbikitsa ziwiri izi: Graph ndi gnuplot.

Graph: ya munthu wofuna kungodina

Dzina lake ndi lomwelo, Graph, analemba ndi Ivan Johansen wa ku Denmark, ndi yaulere ndipo ndi ya Windows. Posaka lembani "Graph padowan" chifukwa mukangolemba Graph yokha Google ikubweretserani zinthu zina zosagwirizana nazo. Ndi kakang'ono moti mmodzi akadawuniloda ena onse atha kungogawana pa flash.

Mukaitsegula mupeza ma axis ali kale pa sikirini. Pitani pa Function, kenako Insert function, lembani x^2-4x+3 n'kudina OK. Parabola ituluka ikudula mzere wa x pa 1 ndi pa 3, pansi pake penipeni pali pa x = 2, y = −1, ndiye mutha kutsimikiza nokha ndi pensulo kuti pulogalamuyo siikukunamizani. Ngati galafu yapanikizika pakona pitani pa Edit, Axes, musinthe poyambira ndi pothera pa x ndi y, pomweponso ndi polembera mayina a ma axis. Manambala oyeza amalowa kudzera pa Insert point series, mutha kuwakopera ku Excel n'kungomata, kenako Insert trendline kuti ikupatseni mzere wodutsa pakati pa madontho aja.

Mukamaliza musatenge sikirinishoti. Pitani pa File, Save as image, musankhe PNG. Chithunzi chotuluka pamenepo n'choyera, chopanda ma menu ndi kamuvi ka mouse. Lamulo limeneli ligwiritseni ntchito pa pulogalamu iliyonse: ngati ili ndi Export kapena Save as image, sikirinishoti siyofunika.

gnuplot: yoopsa pongoiona koma siivuta

Iyi ndi nkhalamba, inayamba mu 1986 ndi Thomas Williams ndi Colin Kelley, ndipo mpaka lero ikukonzedwabe, imayenda pa Windows, Linux ndi Mac. Anthu amaithawa chifukwa mumalemba malamulo m'malo modina mabatani, koma malamulo ofunika tsiku ndi tsiku ndi ochepa kwambiri. Itseguleni mulembe izi:

plot x**2 - 4*x + 3

Onani kuti mphamvu ya nambala imalembedwa ndi nyenyezi ziwiri, ndipo kuchulukitsa kumafuna nyenyezi yake, 4x yokha siimva. Chinanso chomwe chimasokoneza anthu, mu gnuplot 1/2 imatuluka 0 chifukwa imawerenga ngati manambala athunthu, ndiye lembani 1.0/2 kapena 0.5.

Za manambala oyeza, pangani foda monga C:\magalafu, tsegulani Notepad, mzere uliwonse mulembe x, mpata, kenako y, musunge ngati data.txt mufoda imeneyo. Kenako:

cd 'C:\magalafu'
set xlabel "Nthawi"
set ylabel "Kutentha"
plot 'data.txt' using 1:2 with linespoints

Pa cd paja gwiritsani ntchito ma quote amodzi-amodzi monga ndalembera, awiri aja amasokonezana ndi kamzere kopendekeka ka Windows. Ngati fayilo yanu ndi CSV yochokera ku Excel yambani ndi set datafile separator "," kuti idziwe kuti manambala alekanitsidwa ndi ma comma. Mukafuna mzere wowongoka woyenerana ndi madontho anu, ngati mmene amafunira pa ma practical a physics, lembani f(x) = m*x + c kenako fit f(x) 'data.txt' via m,c ndipo ikupatsani gradient ndi intercept yomwe.

Kusunga chithunzi ndi mizere inayi:

set terminal pngcairo size 1200,800
set output 'galafu.png'
replot
unset output

Mzere womalizawo musauiwale, ndi womwe umatseka fayilo, kupanda kutero mutha kupeza chithunzi chikukana kutseguka. Ubwino waukulu wa gnuplot ndi woti malamulo onsewa mutha kuwasunga mu fayilo imodzi, supervisor akanena kuti sinthani nambala iyi mubweretsenso mawa, mumangokonza data.txt n'kuyendetsanso fayilo ija, galafu yatsopano yatuluka yofanana ndendende ndi yoyamba kukula ndi kaonekedwe. Komanso magetsi akathima mwadzidzidzi simutaya kanthu poti zonse zili mu fayilo.

Tsopano za mapulogalamu akale aja

Ngati pulogalamu yakaleyo ndi ya Windows ndipo ikutseguka pa windo yake bwinobwino, palibe vuto. Alt ndi PrtScn pamodzi zimatenga windo yokhayo imene mukugwiritsa ntchito, mukamate mu Paint n'kusunga. Batani la Windows ndi PrtScn zimasunga zokha mu foda ya Screenshots mkati mwa Pictures, kuyambira pa Windows 8 kupita m'tsogolo. Windows, Shift ndi S pa Windows 10 ndi 11 zimakulolani kudula kagawo komwe mukufuna. Pa ma laputopu ambiri PrtScn imafuna mugwirenso Fn. Mukafuna kujambula menu ili chitsegukire, yomwe imatsekeka mukangodina kwina, Snipping Tool ili ndi Delay, ikani masekondi 5, tsegulani menu ija mudikire.

Vuto lenileni lili pa DOS. Mapulogalamu amenewa akamajambula galafu amalankhula mwachindunji ndi khadi ya vidiyo, sadutsira kwa Windows, ndiye Windows ikafuna kujambula sikirini siiona kanthu, n'chifukwa chake pa Windows XP munkapeza chithunzi chakuda. Pa Windows 7 nthawi zambiri imangokana kuti fullscreen siitheka. Ndipo Windows ya 64-bit, kuphatikizapo Windows 11 yonse, siyendetsa n'komwe mapulogalamu a 16-bit. Musataye nthawi kusaka pulogalamu ina yojambulira sikirini, mankhwala ake ndi kuyendetsa pulogalamu yakaleyo mkati mwa DOSBox, pulogalamu yotsanzira kompyuta yakale ya DOS.

DOSBox ndi yaulere ndipo ndi yaing'ono kwambiri, mtundu wa 0.74-3 unatuluka mu 2019. Mukaiika, pangani foda C:\dos n'kukoperamo pulogalamu yanu yakale ndi mafayilo ake onse. Mayina a mafoda asapitirire zilembo 8 ndipo asakhale ndi mipata, DOS siizolowera mayina ataliatali. Tsegulani DOSBox mulembe:

mount c c:\dos
c:
dir

Mzere woyamba ukuuza DOSBox kuti foda ija aziitenga ngati drive C. Chonde musalembe mount c c:\ yokha, mukatero mwapereka hard disk yanu yonse kwa pulogalamu yakale yomwe simukuidziwa bwino khalidwe lake. Lowani mufoda ya pulogalamuyo ndi cd, lembani dzina la fayilo yothera .exe, .com kapena .bat n'kudina Enter.

Galafu ikaoneka dinani Ctrl ndi F5, pa laputopu mwina ndi Fn yomwe. Basi, chithunzi chasungidwa ngati PNG mu foda yotchedwa capture, yomwe pa Windows imakhala mkati mwa AppData\Local\DOSBox, kapena mungoipeza pa Start menu pansi pa DOSBox pomwe palembedwa Screenshots & Recordings. Samalani chala chisapite pa F9 chifukwa Ctrl ndi F9 imatseka DOSBox yonse osafunsa, ndipo kwa a Turbo C ndi Turbo Pascal zimenezi n'zowawa poti mabatani omwewo ndi a Run, ndiye yendetsani pulogalamu yanu kudzera pa menu. Mouse ikakodwa mkati imasuleni ndi Ctrl ndi F10. Amene akugwiritsa ntchito DOSBox-X mabatani ndi osiyana, koma ili ndi menu ya Capture pamwamba pomwepo.

Ngati pulogalamuyo munalemba nokha ndipo galafu ikungothwanima n'kuzimiririka musanadine kalikonse, ikani getch(); musanafike pa closegraph(); mu Turbo C, kapena SLEEP kumapeto mu QBasic, idikira mpaka mutadina batani. Pulogalamu ya Windows 95 kapena 98 yomwe ikukaniratu, njira ndi kuika Windows yakale mkati mwa VirtualBox, pulogalamu yopanga kompyuta ina yongoyerekeza mkati mwa yanu, kumeneko pa View pali Take Screenshot.

Chithunzicho chikonzeni musanachiike mu lipoti

Mudabwa kuona kuti chithunzi cha DOSBox n'chaching'ono. SCREEN 12 ya QBasic imatulutsa 640 x 480, imeneyo ilibe vuto lalikulu. Koma mapulogalamu ambiri akale amagwiritsa ntchito 320 x 200, ndipo pa ma monitor akale aja chithunzi chimenechi chinkatambasulidwa kudzaza sikirini ya 4:3, ndiye mukachitsegula lero bwalo limaoneka lophwatalala ngati dzira, kutsetsereka kwa mzere wa galafu yanu nakonso kwasintha. Chikulitseni kufika 1600 x 1200, ndiko kuti kasanu m'mbali, kasanu ndi kamodzi m'mwamba, ndipo chibwerera mmene chinkaonekera. Mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, pitani pa Image, Scale Image, masulani katcheni kolumikiza width ndi height, pa Interpolation musankhe None kuti zilembo zisachite chimbuuzi.

Mapulogalamu a DOS amakonda kumbuyo kwakuda, mukasindikiza chonchi inki ithera tsamba limodzi ndipo a pa stationery sakusangalalirani. Tsegulani mu Paint, Ctrl ndi A, dinani kumanja musankhe Invert color, kwakuda kusanduka koyera. Sungani ngati PNG nthawi zonse, JPG imadetsa m'mbali mwa timizere ting'onoting'ono ndi manambala. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, mukatumiza ngati chithunzi imachifinya manambala a pa axis osawerengekanso.

Komabe ngati n'kotheka pulumutsani manambala enieniwo, chithunzi chokha sichikwanira. Onani ngati pulogalamu yakaleyo imasunga zotsatira mu fayilo ya .txt, .dat kapena .csv, ikatero fayiloyo muipeza mu C:\dos momwemo ndipo gnuplot kapena Graph iwerenga n'kukujambulirani galafu yatsopano yakuthwa kuposa ya 320 x 200 ija. Ngati siisunga kanthu, tengani sikirinishoti ija muilowetse mu WebPlotDigitizer pa browser kapena Engauge Digitizer yomwe imayenda popanda intaneti. Mumadina malo odziwika pa ma axis n'kulemba manambala ake, kenako mumadina madontho a galafu limodzi limodzi, pamapeto ikupatsani CSV. Manambala otuluka chonchi ndi oyerekeza, sangafanane ndendende ndi oyambirira makamaka pa chithunzi chaching'ono, ndiye mu lipoti lanu lembani poyera pansi pa galafuyo kuti munawawerenga kuchokera pa chithunzi komanso dzina la pulogalamu yakale yomwe inachitulutsa.