Momwe mungathandizire komiti yanu kumvana pojambula pansi ndi kuponya nyemba

Wapampando akafunsa kuti "Tamvana?", onse amayankha kuti eya. Pakapita masabata awiri mumapeza kuti msungichuma anamva zake, mlembi analemba zina, ndipo amayi omwe anakhala kumbuyo sanalankhule n'komwe. Nthawi zambiri palibe amene wanama. Mukati "vuto la madzi", wina akuganiza za mjigo wowonongeka, wina za mtunda wokafika kuchitsime, wina za mzere wa zidebe wa m'mamawa. Mpaka nkhaniyo itaikidwa pansi pomwe aliyense angaione ndi kuiloza, anthuwa azivomerezana pakamwa pokha.

Njira zomwe ndikufotokozazi zimadziwika ndi dzina loti Participatory Rural Appraisal, mwachidule PRA. Zinafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, makamaka ku India ndi ku Kenya, ndipo Robert Chambers wa ku Institute of Development Studies ku Sussex, ku England, ndi mmodzi mwa omwe anazitchukitsa. Kuno kwathu alangizi ndi mabungwe akhala akuzigwiritsa ntchito ndi makomiti a chitukuko a m'midzi (ma VDC). Koma simufunika galimoto ya bungwe kuti muyambe. Komiti ya mjigo, banki m'khonde, kalabu ya alimi kapena komiti ya sukulu ingathe kuchita yokha.

Choyamba, sankhani funso limodzi lokha, lomwe mwana angalimve. "Chitukuko cha mudzi wathu" ndi chachikulu kwambiri. "N'chifukwa chiyani mjigo ukawonongeka timakhala miyezi tisanaukonze?" ndiye funso. Kenako pezani malo amthunzi, osesa bwino, ndipo sonkhanitsani phulusa, makala, zitsononkho, timiyala, masamba, timitengo ndi nyemba zokwana mbale.

Yambani ndi sewero lalifupi. Khalitsani anthu awiriawiri mofulatirana (mkamwini musamuphatikize ndi apongozi ake, mungaononge tsiku lonse). Mmodzi mupatseni pepala lomwe mwajambulapo nyumba, mtengo kumanja kwake ndi kanjira kokhota. Iyeyo azifotokoza, mnzakeyo azijambula pansi osafunsa kanthu. Akayerekeza zojambulazo pamakhala chiseko, chifukwa mtengo umapezeka uli padenga. Abwerezenso, koma ulendo uno wojambulayo aloledwe kufunsa. Musawalalikire phunziro lake, aliona okha.

Tsopano mapu, ndipo apa ndi pofunika kupatsa nthawi yokwanira. Gawani gulu patatu: amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha. Gulu lililonse lijambule mudzi womwewo pansi. Phulusa likhale msewu, makala akhale mtsinje, chitsononkho chikhale mjigo, mwala ukhale nyumba. Asankhe okha zizindikiro, bola onse m'gulumo azidziwe. Inu otsogolera, mukangolemba mzere woyamba wa msewu, perekani ndodo kwa wina ndipo mubwerere m'mbuyo. Chambers ankaumirira kwambiri pa kupereka ndodoku, ndipo ndi pomwe ambiri amagwa. Munthu wophunzira akaona mtsinje wajambulidwa mokhota, dzanja limamuyabwa kuti akonze. Akangokonza, mapu aja asanduka ake, ndipo ena onse amapinda manja n'kumaonerera.

Pansi pamaposa pepala pa chifukwa china. Cholembera chimapita kwa yemwe anapita kusukulu, pomwe mwala aliyense atha kuusuntha, ngakhale agogo omwe sadziwa kulemba dzina lawo. Cholakwika amafufuta ndi phazi, popanda manyazi.

Akamaliza, onse ayendere mapu amodziamodzi. Eni mapu afotokoze, alendo azingofunsa mafunso, osatsutsa. Kawirikawiri mapu a amayi amadzaza ndi zitsime, chigayo, kotola nkhuni ndi kusikelo. A abambo amaonetsa msika, mlatho ndi madimba. Achinyamata saiwala bwalo la mpira ndi kachulu kopezekera netiweki. Paliponse pomwe mapu akusiyana, ikanipo tsamba lobiriwira. Masamba amenewo ndiwo nkhani za msonkhano wanu. Mwina abambo aika mjigo pakati pa mudzi, koma amayi aonetsa kuti nthawi ya dzinja khwawa limadzaza ndipo mabanja a kutsidya amakatunga kudambo. Apo mwapeza chifukwa chomwe a kutsidyawo amakanira kusonkha ndalama yokonzera mjigo, chomwe pamisonkhano yam'mbuyo chinkangotchedwa kuuma mutu.

Chenjezo limodzi: malire a minda musawaike pa mapu amenewa. Nkhani ya malo ili ndi bwalo lake kwa amfumu, ndipo ikalowa pano zina zonse zimathera pomwepo.

Ngati funso lanu likukhudza ndalama kapena ntchito yogwirira pamodzi, onjezani kalendala. Lembani mabokosi 12 pansi, kuyambira Novembala pomwe mvula imayamba m'madera ambiri. Mzere woyamba ukhale wa ntchito ya kumunda, wachiwiri wa chakudya m'nyumba, wachitatu wa ndalama m'thumba, wachinayi wa matenda. Anthu aunjike timiyala: tambiri pomwe chinthucho chachuluka, tochepa pomwe chachepa. Palibe chachilendo chomwe chituluke. Aliyense amadziwa kuti Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zopanda kanthu, anthu ali pa ganyu, malungo ali pakhomo. Koma mizere inayi ikaonekera pamodzi, komiti imachita manyazi yokha kuika tsiku la zopereka mu Febuluwale. Imalisunthira ku Juni, anthu atakolola n'kugulitsa, ndipo kuumba njerwa kumapita m'chilimwe.

Ikafika nthawi yosankha choyamba kuchita, kumbani timaenje ngati ta bawo, kamodzi pa maganizo alionse omwe atuluka, ndipo pambali pake ikani chizindikiro. Aliyense alandire njere 10 zoti agawe momwe akufunira. Atha kuthira zonse m'dzenje limodzi. Amayi apatseni nyemba, abambo chimanga, achinyamata timiyala, kuti pomaliza muone kuti gulu liti lakonda chiyani. Mtedza ayi, umathera m'kamwa. Amfumu, abusa ndi wapampando aponye pomalizira, apo ayi aliyense adzangotsata pomwe agwetsa akuluakulu. Nkhani ikakhala yovuta, monga yokhudza kasungidwe ka ndalama, gwiritsani ntchito makapu ovindikira kuseri kwa nyumba, anthu azipita mmodzimmodzi.

Werengani mokweza onse akuona. Ine sindikonda kuti dzenje lodzaza lingolengezedwa kuti lapambana n'kubalalika. Yang'anani kaye dzenje lomwe muli nyemba zokhazokha popanda chimanga ngakhale chimodzi, n'kufunsa modekha kuti, "Amayi, tatiuzeni, apa mwaonapo chiyani chomwe ife sitinaone?" Kuwerenga njere kumatenga mphindi zochepa, koma kukambirana komwe kumatsatira ndi komwe kumasintha maganizo a anthu, ndipo nthawi zina gulu limapempha kuponyanso.

A mu ofesi angachite zomwezi pakhoma. M'malo mwa phulusa, timapepala tomata tija; m'malo mwa mapu a mudzi, ulendo wa fayilo kapena wa kasitomala kuyambira pakhomo mpaka atathandizidwa. Aliyense alembe yekha mwakachetechete asanamate, ndipo posankha muziika timadontho m'malo mwa njere, bwana aike take pomalizira.

Musanabalalike, jambulani mapu ndi kalendala pa foni, mutaima pa mpando kuti zonse zilowe, chifukwa mbuzi ndi mphepo sizidikira. Mlembi akopere pa pepala lalikulu onse akuona, kuphatikizapo tanthauzo la zizindikiro, ndipo pepalalo likhale m'mudzi momwemo, osati m'chikwama cha mlendo. Pansi pake lembani zinthu zosapitirira zitatu zomwe mwagwirizana, chilichonse ndi dzina la wochita ndi tsiku lake. Chithunzicho chitumizeni pa gulu la WhatsApp la komiti, ndipo pamsonkhano wotsatira pepalalo liyalidwe pansi mlembi asanawerenge maminitsi.