Momwe mungapakire glaze pa mbiya kapena mbale yokongoletsera

Mbiya zachikuda zomwe mumaziona ku Mbare Musika, msika wa mu Harare, zimawala chifukwa woumba anazikulungiza ndi mwala wosalala. Kuwala kwa mbale zojambulidwa maluwa zija n'kwina: pamwamba pake pali glaze, ufa womwe umasungunuka pamoto n'kusanduka galasi. Maiolica ya ku Italy ndi Delft ya ku Netherlands, yoyera ndi buluu ija, zonse ndi dothi wamba lokutidwa ndi glaze yoyera yokhala ndi tin, mtundu wina wa chitsulo. Njira yake ndi iyi.

Umitsani mbiya pamthunzi mpaka isiye kuzizira mukaigunditsa patsaya. Kenako iotcheni koyamba mu uvuni wa zoumba, pa madigiri pafupifupi 1000. Za moto wa nkhuni wapabwalo iwalani, sutentha mofanana mbali zonse. Ngati uvuni mulibe, pemphani malo kwa woumba amene ali nawo, ndipo mugwirizane tsiku lomwe magetsi akhalitse, poti muno mu Harare amathawa osatsanzika.

Ikazizira, pukutani fumbi ndi siponji yonyowa, mupake phula la kandulo kunsi kwake. Mukaiwala phulalo, mbiya imamatirira pashelefu ya uvuni ndipo kuichotsa n'kuiswa. Sakanizani glaze ndi madzi ikhale ngati phala la mwana lamadzimadzi, muisefe, muviike mbiyayo masekondi awiri kapena atatu basi.

Luso lenileni lagona pojambula. Utoto wake ndi wochokera ku zitsulo: chitsulo chotchedwa cobalt chimapereka buluu, mkuwa umapereka mtundu wobiriwira, chitsulo wamba chimapereka wofiirira. Glaze ikauma imakhala yaufaufa, ndiye imamwa utoto burashi ikangokhudza. Mzere ukapindika, wapindika, kufufuta kulibe. Dzanja liziyenda kamodzi, mosakayika. Yambani mwayeserera pa mapale. Musadabwenso ndi maonekedwe: cobalt asanapse amaoneka wakuda kapena wotuwira ku pinki, buluuyo amatulukira pamoto. Ine ndimati mitundu iwiri ikwana, ikachuluka maluwa amasokonekera.

Otchani kachiwiri, pakati pa madigiri 1000 ndi 1100 malinga ndi zomwe zalembedwa pa paketi ya glaze, mbiya zisakhudzane. Musathamangire kutsegula uvuni usanazizire, mphepo imang'alula galasilo timizeretimizere.

Pogula glaze funsani ngati ilibe mtovu. Ikakhala nawo, mbiyayo ndi ya maluwa kapena pakhoma, osasungiramo thobwa kapena mahewu, chifukwa zowawasa zimasungunula mtovuwo n'kulowa m'chakumwa.